Kuwerenga Akamvuluvulu a M'paipi: Momwe Mita ya Vortex Imayezera Madzi ndi Nthunzi

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Ana asukulu sendezani wailesi pafupi, makamaka inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo mukhale ndi kope ndi cholembera chifukwa lero muli masamu pang'ono.

Munthu wa ku Mchinji simungamuphunzitse kuyeza. Mtedza ndi soya amapachika pa sikelo, chimanga amayeza pa ndowa, petulo wa njinga yamoto amagula pa lita. Amadziwanso kupweteka kwa sikelo imene venda waikhotetsa, thumba lodzadza bwinobwino n'kuperewera makilogalamu angapo. Koma zinthu zonsezi timaziyeza zitakhazikika. Nanga chinthu chimene chikuthamanga m'kati mwa paipi yachitsulo, simukuchiona, simungachiimitse, mwinanso n'chotentha moti chikakukhudzani khungu limasupuka, mungadziwe bwanji kuti chadutsa chochuluka motani? Mainjiniya ali ndi njira zingapo. Imene tikambe lero ndi ya chipangizo chotchedwa vortex flow meter, ife tizingoti mita ya vortex. Ndimaikonda mita imeneyi chifukwa nzeru yake yonse mukhoza kukaiona nokha mawa m'mawa kudimba, osalipira kanthu.

Mukapite pa ngalande yothirira mbewu, kapena pa kamtsinje kalikonse kothira mu Bua, pamalo pamene madzi akuyenda mofatsa, osachita thovu. Mutenge mpini wa khasu wosakhomera, muuzike chilili pakati pa madziwo kuti uime nji. Kenako muwaze gaga pang'ono kumtunda kwake, inu n'kunjuta pambali kuyang'ana kuseri kwa mpiniwo. Musafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Gaga uja akafika pa mpini agawikana, wina kumanja wina kumanzere, koma kuseri sakumananso n'kupitiriza ulendo mowongoka ayi. Muona kadzenje ka madzi ozungulira kakubadwa mbali ya kumanja, kakukula, kenako kakuthothoka n'kumapita ndi madzi. Kasanafike patali, kumanzere kwabadwa kena, kozungulira mosemphana ndi koyamba kaja. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, osalumphitsa. Kumunsi kwa mpini muona mizere iwiri ya akamvuluvulu ang'onoang'ono a m'madzi, otalikirana mofanana, wa mzere uno atayang'anizana ndi mpata wa mzere winawo.

N'chiyani chikuchitika pamenepa? Madzi amene akhudzana ndi mpini amakhulana nawo, motero liwiro lawo limachepa pomwe anzawo a pambali akudutsa ndi mphamvu zonse. Akafika pokhota kuti azungulire kuseri, madzi otopawa amalephera kukakamira ku mpini, amanyamuka n'kudzikulunga. Kamvuluvulu wa mbali imodzi akakula amakoka madzi a mbali inayo, ndipo madzi okokedwawo ndi amene amamudula kuti achoke. Mpata umene wasiya ndi umene mnzake wa mbali inayo amakuliramo, n'chifukwa chake amasinthana. Aliyense akamachoka amaukankhira mpiniwo pambali pang'ono, moti mukaugwira ndi zala ziwiri mumva ukunjenjemera. Bango loima m'madzi oyenda limagwedera uku ndi uku ngakhale kunja kuli zii, kopanda mphepo. Chimaligwedeza n'chomwechi.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Akamvuluvuluwa sabadwa mwachisawawa. Pa mtengo wobulungira, kuchokera pamene mbali imodzi yataya kamvuluvulu kufikira pamene mbali yomweyo itayenso wina, madzi amakhala atayenda mtunda wokwana pafupifupi kunenepa kwa mtengowo kasanu. Ndibwereze: kunenepa kwa mtengo, kasanu. Ngati mpini wanu ndi wonenepa masentimita 4, kamvuluvulu aliyense wa kumanja akuimira masentimita 20 a madzi odutsa. Wina agwire foni aziwerenga masekondi, inu muziwerenga akamvuluvulu a mbali imodzi yokha. Mukapeza 10 pa masekondi 10, madziwo akuyenda masentimita 20 pa sekondi. Mukatsegula ngalande kuti liwiro liwirikize kawiri, muwerenga 20 pa masekondi 10 omwewo. Pamenepo mwayeza liwiro la madzi ndi mpini, gaga ndi maso anu.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Amene anayamba kulemba lamuloli m'manambala sankayang'ana madzi, ankamvetsera waya. Mu 1878, Vincenc Strouhal, katswiri wa sayansi wa ku Bohemia, dera limene lero lili mu Czech Republic, anamanga mawaya pa chimango n'kumachizunguza kuti mawayawo azidula mpweya. Mawaya ankalira. Iye anapeza kuti mawu a kulirako sadalira kutalika kwa waya kapena kukungika kwake, koma liwiro ndi kunenepa kwa waya basi. Liwiro likakwera mawu amakwera, waya akanenepa mawu amatsika. Mnyamata woweta ng'ombe akakwapula kamtengo kowonda m'malere n'kumva kuti fyuu, akubwereza zimene anachita Strouhal. Mphepo ya mwera ikamaomba mu Julaye, mvetserani waya wa mpanda kapena woyanikapo zovala. Waya wa mamilimita 4, pa mphepo ya makilomita 18 pa ola, amataya akamvuluvulu pafupifupi 250 pa sekondi mbali iliyonse. Maso sangawaone, koma khutu limawamva ngati kulira. Ana asukulu lembani chonchi: chiwerengero cha pa sekondi chimafanana ndi 0.2 kuchulukitsa ndi liwiro, kugawa ndi kunenepa. Nambala ya 0.2 imeneyi ndi kasanu kaja titakatembenuza, ndipo mpaka lero imatchedwa nambala ya Strouhal.

Mukadzadutsa pafupi ndi mawaya akuluakulu a magetsi oyenda pa nsanja zachitsulo, mudzayang'ane pafupi ndi pomangira. Pamalendewera tizitsulo tiwiritiwiri. Tinaikidwa kuti timeze kunjenjemera komweku, kupanda apo waya angatope pang'onopang'ono n'kudzaduka.

Dzina limene linamatirira pa mizere iwiri ija ndi la Theodore von Kármán, wobadwira ku Budapest mu 1881. Mu 1911 ankagwira ntchito pa yunivesite ya Göttingen ku Germany, pansi pa Ludwig Prandtl. Pamalopo panali wophunzira wina, Karl Hiemenz, amene anapatsidwa ntchito yoyeza momwe madzi amadutsira pa chitsulo chobulungira m'ngalande ya mu labotale. Madzi ankangogwedezeka. Anaganiza kuti chitsulocho sichinasalale, anachipala. Anakonzanso ngalande. Koma ayi ndithu, kugwedezeka osatha. Kármán ndiye anaganiza kuti mwina vuto si la zipangizo, mwina umo ndi momwe madzi amachitira. Anakhala pansi ndi masamu n'kuonetsa kuti akamvuluvulu akaima awiriawiri moyang'anizana mizereyo imapasuka msanga, koma akaima mosinthana imakhazikika. Katswiri wa ku France, Henri Bénard, anali atawajambula kale mu 1908, ndipo anadandaula kuti ulemu wapita kwa wina. Ine ndimaona kuti dandaulo lake linali lomveka. Lero zithunzi za pa setilaiti zimaonetsa mitambo itapanga mizere yomweyi kuseri kwa zilumba za Canary ndi Madeira, yotalika makilomita mazanamazana.

Panapita zaka zoposa 50 kuti nzeruyi ilowe m'paipi. Mamita oyamba ogulitsidwa anatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Yokogawa ya ku Japan inali m'gulu la oyambirira. Mukainyamula mita ya vortex n'kusuzumira m'kati, mudzadabwa kuchepa kwa zimene zilimo. Ndi kachidutswa ka paipi ka chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo pakati pake papingasa kachitsulo kamodzi, kuchokera khoma lino kufika khoma linalo, kotenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa paipiyo. Kachitsuloko si kobulungira ngati mpini. Nkhope yake yoyang'ana kumene madzi akuchokera ndi yafulati, m'mbali mwake muli ngodya zakuthwa, kumbuyo n'kowonda. Ngodya zakuthwazo zimachititsa kuti madzi azinyamuka pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kaya akuyenda mofatsa kaya akuthamanga, motero kawerengedwe kaja sikasokonekera.

M'kati mwa kachitsuloko, kapena kuseri kwake, muli kachipangizo komva kukankha. M'mamita ambiri kamapangidwa ndi mwala wa piezoelectric, umene ukafinyidwa umatulutsa timagetsi tochepa. Ndi mtundu womwewo umene umathetheka moto mu laitala yodina ija. Kamvuluvulu wa kumanja akachoka, kachipangizoko kakankhidwira uku. Wa kumanzere akachoka, kakankhidwira uko. Kabokosi kokhala pamwamba pa paipi kamangowerenga kukankhako, n'kuonetsa manambala pa galasi kapena kuwatumiza pa waya ku kompyuta ya m'chipinda choyendetsera fakitale.

Tiyerekeze paipi ya masentimita 10 m'mimba mwake, kachitsulo ka masentimita 2.5, ndipo tigwiritse ntchito kasanu kathu kaja. Kamvuluvulu aliyense wa mbali imodzi akuimira masentimita 12.5 a madzi odutsa. Chidutswa cha paipi yotere chotalika masentimita 12.5 chimasunga pafupifupi lita imodzi. Ndiye kuti kabokosi kakawerenga 20, padutsa ndowa imodzi ya malita 20. Madzi akamayenda masentimita 100 pa sekondi, kaziwerenga 8 pa sekondi, ndowa izidzadza pa masekondi awiri ndi theka, ndipo pa ola padutsa malita pafupifupi 28,000. Mita yeniyeni siidalira kasanu koyerekezaka. Isanatuluke m'fakitale amaidutsitsa madzi odziwika kuchuluka kwake, n'kupeza kuti imawerenga kangati pa lita iliyonse. Nambala imeneyo, yotchedwa K-factor, amailemba pa mitayo. Chokoma chake n'chakuti nambalayi imadalira maonekedwe a kachitsulo ndi paipi basi, motero mita yoyesedwa ndi madzi imatha kuyezanso mpweya, gasi ndi nthunzi. Ikaikidwa bwino, pa malita 100 a madzi imaphonya ndi pafupifupi lita imodzi kapena kuchepera.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Musakaisake mita imeneyi pa mpopi wa kunyumba. Mamita ambiri a m'makomo, ngati amene amaika a Central Region Water Board, ali ndi kachipangizo kozungulira ndi madzi m'kati, ndipo pampu ya pamalo omwetsera galimoto mafuta nayo ili ndi ziwalo zoyenda. Kwawo kwenikweni kwa mita ya vortex ndi ku nthunzi. Ndipo nthunzi ili pafupi ndi thukuta la mlimi kuposa momwe timaganizira. Fodya amene timatumiza ku Kanengo, akalowa m'fakitale amayamba amufewetsa ndi nthunzi kuti masamba asafumbutuke m'makina. Ku Dwangwa ndi ku Nchalo, zotsalira za nzimbe zofinya amazitentha m'maboila, ndipo nthunzi yake ndi imene imaphika madzi a nzimbe ndi kupukusa makina opanga magetsi. Oyenga mafuta ophikira a soya ndi mpendadzuwa amachotsa fungo m'mafutawo ndi nthunzi. Nthunzi ya m'boila imatentha kupitirira madigiri 100 kutali, ndipo m'paipi imatha kuthamanga makilomita 100 pa ola kapena kuposa. Chilichonse chozungulira mukachiika m'menemo chimatha msanga. Mita ya vortex ilibe chozungulira, ilibe giya, ilibe pothira oilo, ndipo ina imapirira mpaka madigiri 400.

Nthunzi ili ndi vuto lake. Lita imodzi ya madzi ikawira poyera imasanduka malita pafupifupi 1,700 a nthunzi, koma nthunzi yomweyo ikapanikizidwa kakhumi m'paipi imangokwana malita pafupifupi 200. Kuwerenga malita okha sikungakuuzeni kuti mwawiritsa madzi ochuluka bwanji. N'chifukwa chake mamita ambiri a masiku ano amakhalanso ndi koyezera kutentha ndi koyezera kupanikizika, kuti kabokosi kaja kasandutse malita kukhala makilogalamu.

Ndikufuna mumvetse chifukwa chake makilogalamuwa ndi ofunika. Kilogalamu iliyonse ya nthunzi yadya nkhuni, malasha kapena dizilo. Fakitale imene siyeza nthunzi yake siingadziwe kuti chipinda chiti chikumwa yochuluka, kapena kuti penapake yayamba kuthawira pa valavu yotha. Imangoona mulu wa nkhuni ukutsika msanga n'kuitanitsa lole ina. Ife a ku Mchinji taona ndi maso athu mitengo imene mabalani a fodya ndi mauvuni a njerwa atenga m'boma lino, ndiye nkhani ya nkhuni zotenthedwa pachabe sitiimva ngati nthano ya kutali.

Komabe ndisakuuzeni zokoma zokhazokha, poti wogulitsa makina zina sadzakuuzani. Madzi akamayenda pang'onopang'ono kwambiri, akamvuluvulu amafooka n'kuyamba kubadwa mosalongosoka, ndipo mita imangolemba ziro ngakhale kuti madzi akudutsabe. Ngati mukusaka kudontha kwakung'ono kwa usiku, iyi si mita yake. Zinthu zonanda monga molasesi wa ku fakitale ya shuga, uchi kapena oilo wolemera sizipanga akamvuluvulu abwino. Paipi ikamanjenjemera chifukwa cha pampu kapena injini yapafupi, kachipangizo komva kaja kakhoza kuwerenga kunjenjemerako ngati madzi. Paipi iyenera kukhala yodzadza, yosasakanikirana madzi ndi mpweya. Udzu ndi zinyalala zikakodwa pa kachitsulo, kapena mchenga ukadya ngodya zake, K-factor ija imasintha mwakachetechete. Choncho gulu la ulimi wothirira limene likupopa madzi amatope a mumtsinje ndingalilangize kuti lifunse za mita ya mtundu wina, monga ya maginito imene ilibe chopingasa m'kati.

Zolakwika zambiri zimachitika tsiku loika. Madzi amene angotuluka pokhota paipi amakhala akupotokola kale, ndiye amasokoneza akamvuluvulu a pa kachitsulo. Opanga mamitawa amafuna paipi yowongoka kumtunda kwa mita, yotalika kuwirikiza kukula kwa paipiyo ka 15 kapena ka 20, ndi kumunsi kasanu. Pa paipi yathu ya masentimita 10 ija, ndiye kuti masentimita 150 mpaka 200 kumtunda ndi 50 kumunsi, opanda chokhota, opanda valavu. Valavu yochepetsera madzi iikidwe kumunsi kwa mita. Ikakhala kumtunda, paipi yowongoka imafunika yaitali kuposa pamenepo. Labala yotsekera polumikizira isasuzumire m'kati mwa paipi, chifukwa kamlomo kake kokhako kamabala akamvuluvulu akeake. Muvi wolembedwa pa mita uloze kumene madzi akupita. Ndipo mita siigulidwa poyang'ana kukula kwa paipi, koma kuchuluka kwa zimene zimadutsamo. Kawirikawiri yoyenera imakhala yocheperako kuposa paipi, kuti liwiro likwere ndipo mita isagone ziro nthawi imene ntchito yachepa. Pa nthunzi, madzi otsalira m'paipi azichotsedwa, ndipo valavu izitsegulidwa pang'onopang'ono m'mawa, chifukwa madziwo akakankhidwa ndi nthunzi amamenya kachitsulo kaja mpaka kuwononga kachipangizo komva.

Kuno timakamba kwambiri zoti mtedza, soya ndi mpendadzuwa wathu azikonzedwa konkuno m'malo mokwera malole osakonza. Makopaletivu oyenga mafuta akamakula, tsiku lina adzagula boila, ndipo padzafunika munthu wodziwa kuika mita, kuiwerenga, ndi kuzindikira pamene yayamba kunama. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta kuti wogula asaberedwe, koma mita ya m'kati mwa fakitale imasamalidwa ndi mmisiri wa pomwepo. Ntchitoyi imatchedwa instrumentation, ndipo imafuna mutu wa masamu ndi manja a sipanala. Ndikanakonda kuti mmisiri ameneyo adzakhale mwana wa kuno ku Mchinji, wamkazi kapena wamwamuna. Namitete Technical College ili pa msewu womwewu wopita ku Lilongwe, MUBAS ili ku Blantyre, MUST ili ku Thyolo. Kafunseni za maphunziro a zamagetsi ndi zamakina, ndipo makolo musawaletse atsikana.

Ana asukulu, nayi ntchito yanu. Paipi ndi ya masentimita 5 m'mimba mwake, kachitsulo ndi ka masentimita 1.25, ndipo mita ikuwerenga akamvuluvulu 32 pa sekondi a mbali imodzi. Pogwiritsa ntchito nambala ya 0.2, pezani liwiro la madzi, pezani malita odutsa pa sekondi, kenako mutiuze kuti thanki ya malita 5,000 idzadza pa mphindi zingati. Ndibwereze manambalawo: paipi masentimita 5, kachitsulo 1.25, akamvuluvulu 32 pa sekondi, thanki malita 5,000. Yankho tidzaliwerengera limodzi sabata yamawa nthawi ngati yomweyino.

(Nyimbo yotsekera)